Nkhope ya Amayi Ili Kuti?

Panali kamtsikana kena kofunsafunsa. Kunyumba ankangomutchula kuti Kamafunso. Pakamwa pake sipankauma mafunso. Koma tsiku lina anali ndi khumbo limodzi lokha. Ankafuna kuona nkhope ya Amayi.

Amayi anali m'chipatala. Anakhalako nthawi yaitali. Ana sankaloledwa kulowa. Kamafunso anawasowa kwambiri.

Achimwene ake ankapukuta nsapato pakhomo.

"Si zovuta," anatero Achimwene. "Tseka maso. Uwaona m'mutu."

"M'mutu? Kodi m'mutu muli maso?"

"Ine ndikuwaona pompano. Aluka tsitsi lalitali. Avala diresi lobiriwira. Akumwetulira."

Kamafunso anatseka maso. Anadikira. Munali mdima bii. Anafinya maso kwambiri. Munali mdima basi.

Anathamangira kwa Bambo. Bambo anali telala. Nsalu inali patebulo. Sizasi inali m'manja.

"Bambo, inunso mumaona zinthu m'mutu?"

"Eya, mwanawe. Ndisanadule nsalu, ndimayamba ndaona malaya m'mutu. Ndimaona kolala. Ndimaona mabatani. Ndimawatembenuza kuti ndione kumsana."

Kamafunso anangoti kukamwa yasa. Malaya athunthu m'mutu mwa Bambo! Mutu womwewu wadaziwu! Anauzungulira mbali zonse. Unalibe khomo. Unalibe zenera. Nanga malayawo analowera pati?

Kenako mtima wake unawawa.

"Ine sindiona kanthu," anatero. "Kodi ndawaiwala Amayi? Ndikapita kuchipatala, ndikawadziwa bwanji?"

Misozi inatsika. Bambo anaika sizasi pansi. Anamukhazika pamiyendo.

"Mitu imasiyana, mwanawe. Ena amaona zithunzi. Ena saona. Tsekanso maso. Usafune nkhope. Ingodikira chimene chibwere."

Kamafunso anatseka maso. Munali mdima bii. Koma mumdimamo munali kanthu.

Mmm-mm, mmm-mm.

Kanali kanyimbo. Amayi amakaimba akamachapa, milomo ili yotseka. Kumapeto kamakwera pang'ono.

"Ndikuwamva," ananong'ona. "Amayi akuimba m'mutu mwanga."

Anatsegula maso. M'chipinda munalibe woimba. Makina osokera anali zii. Koma nyimbo inalipobe. 

Loweruka, adokotala analola ana kulowa. Chipinda cha odwala chinali chachikulu. Mabedi mbali iyi. Mabedi mbali iyo. Bambo anatsala pakhomo, akulankhula ndi namwino.

Achimwene anatsogola, chifuwa patsogolo.

"Nditsate," anatero. "Ine ndikuwaona m'mutu."

Anafuna tsitsi lalitali. Sanalione. Anafuna diresi lobiriwira. Sanalione. Anafika mpaka kumapeto.

"Amayi mulibe muno," anatero. Anayang'ana uku ndi uku.

Kamafunso anaima pakati pa mabedi. Nkhope zinali zambiri.  Anatseka maso.

Anamva supuni ikulira m'kapu. Anamva munthu akutsokomola. Anamva nsapato za namwino. Kenako anamva kanthu kena, chapansipansi.

Mmm-mm, mmm-mm.

Kumapeto kanakwera pang'ono.

Nyimbo ya m'mutu inakumana ndi nyimbo ya m'khutu. Zinali chimodzimodzi.

Kamafunso anaitsata. Anafika pabedi la pafupi ndi zenera. Panagona mayi wina. Tsitsi anali atameta. Mutu unali ndi bandeji. Anavala malaya oyera a chipatala. Nkhope inaloza kukhoma. Achimwene anali atadutsa pomwepa.

"Amayi," anaitana Kamafunso.

Nyimbo inaleka. Mayiyo anatembenuka. Analidi Amayi! Anali ataonda, koma maso anali omwe aja.

"Kamafunso wanga," anatero Amayi. "Wandidziwa bwanji? Ine ndemwe ndikadziona pagalasi, ndimadabwa."

"Nkhope yanu sindiiona m'mutu," anayankha. "Koma nyimbo yanu ilimo."

Achimwene anabwera akukanda mutu.

"Amayi a m'mutu mwanga anali asanamete," anatero.

Bambo anaseka. Amayi anaseka mpaka anagwira bandeji. Kenako anatambasula manja. Ana onse awiri analowamo.

Kamafunso anaika khutu pachifuwa cha Amayi. Amayi anayambanso kanyimbo kaja. Kanamveka kunja. Kanamvekanso mkati.

Kamafunso anatseka maso. Munali mdima bii. Koma sanaope. Amayi analimo.

Tsiku limenelo, Kamafunso analibe funso.