Injiniya Asamukira Kumayadi

M'nyumba ya mmisiri wa magetsi munali mtendere wokhumbirika. Inali ya zipinda zitatu, pafupi ndi msika, ndipo kutsogolo kwake kunali kashopu komwe mwini nyumba ankasungiramo mawaya, maswichi ndi makwerero. Mkuluyu anagwira ntchito zaka makumi atatu, koma panalibe nyumba ngakhale imodzi imene anaikamo mawaya n'kudzapsa. Akamaliza ntchito ankayeza waya uliwonse, kenako ankatulutsa chidindo m'thumba la jekete n'kudinda pachikalata chotsimikiza kuti nyumbayo ili bwino. Pachidindopo panali nambala ya chiphaso chake, ndipo n'chimene chinkadyetsa banja lonse.

Mwana wamwamuna anali mmodzi yekha. Ntchito anaiphunzira m'manja mwa bambo ake, ndipo tisamunamizire, luso anali nalo. Vuto lake linali loti sankafuna kutchedwa mmisiri. Ankati dzina limenelo limanunkha thukuta. Anzake pomuseka anayamba kumutcha Injiniya, iye n'kulilandira dzinalo ndi manja awiri. Mayeso a chiphaso anali asanalembe, choncho ntchito iliyonse imene wagwira, bambo ake ndiwo ankabwera kudzayeza n'kudinda.

Atangokwatira anapeza ntchito ya mwezi wathunthu kumayadi, kuja kumakhala anthu a ndalama. Anabwerako mutu utazungulira. Ankangokamba za misewu ya mitengo mbali zonse, za mageti otseguka okha, ndi za agalu odya bwino kuposa ana a kwawo. Lamulungu lina, banja lonse likumwa tiyi, analengeza kuti wapeza kanyumba ka lendi kumeneko ndipo asamuka pakutha pa mwezi.

Bambo ake anaika kapu pansi. Anamuuza mofatsa kuti iwo nyumba zimenezo akuzidziwa mpaka m'denga, ndipo lendi ndi chiyambi chabe. "Kumeneko, mwana wanga, munthu amalipira ngakhale kuti kunja kukhale chete. Yamba walemba mayeso, usunge kangachepe, kenako udzapite ndi miyendo yako iwiri."

"Inu bambo mwaika magetsi m'nyumba za anthu amenewo zaka makumi atatu, koma mpaka lero mumalowera khomo la kuseri," anayankha Injiniya. "Ine ndikufuna kulowera pageti."

Mayi ake anamudzudzula kuti asayankhule choncho ndi munthu amene anamuphunzitsa kugwira pulayazi. Injiniya anadzuka osamaliza tiyi, ndipo mwezi utatha anasamukadi.

Sabata yoyamba inali yokoma. Ankaima pakhonde m'mawa, manja m'chiuno, kumayang'ana kapinga ngati anabadwira pomwepo. Sabata yachiwiri makalata anayamba kugwa pageti. Komiti ya anthu okhala m'deralo inkafuna ndalama ya alonda oyendera misewu, ya galimoto yotola zinyalala, ndi ya nyale za m'msewu. Panali lamulo loti kapinga asaume, ndiye madzi othirira udzu ankaposa akumwa ndi ochapira. Minibasi sinkaloledwa kulowa, moti mkazi wake pofuna tomato ankayenda ola lathunthu, apo ayi akagule m'sitolo ya magalasi momwe tomato anayi amakhala m'kapepala ngati mankhwala. Injiniya anagula kagalimoto kakale kuti anthu asamuone akuyenda wapansi, ndipo kagalimotoko kankamwa mafuta ngati kali ndi chilonda m'mimba. Pamwamba pa zonsezi panali magetsi, chifukwa nyumbayo inali ndi chotenthetsera madzi, chitofu chachikulu ndi mawaya a pamwamba pa mpanda amene sankazimitsidwa.

Mkazi wake anamupempha kuti abwerere zinthu zisanafike poipa. Iye anamuuza kuti ngati wasowa fungo la msika, njira akuidziwa.

Tsiku lina mayunitsi a magetsi atatsala pang'ono kutha, Injiniya anaima kutsogolo kwa bokosi la mita nthawi yaitali. Ankadziwa bwino lomwe chochita, ndipo ankadziwanso kuti ndi kuba. Anadziuza kuti kampani ya magetsi siingafe ndi njala chifukwa cha nyumba imodzi. Anatenga kawaya, n'kulumikiza molambalala mita. Ntchitoyo sinatenge ndi mphindi khumi zomwe, ndipo kuyambira tsiku limenelo manambala a pamita anaima.

Mnansi wake wa kuseri kwa mpanda anali wapampando wa komiti, yemwe anthu ankangomutcha Atcheya. Anali ndi nyumba ya nsanjika, magalimoto atatu ndi dziwe losambiramo. Tsiku lina anamuitana Injiniya kuti adzamwe zoziziritsa kukhosi. Anamukhazika pampando wofewa, n'kumamutcha Injiniya mwaulemu ngati dzinalo ndi la pa satifiketi. Atacheza pang'ono anatsitsa mawu.

"Mphwanga, usaone mipanda italiitaliyi. Tonse kuno tikulira, kungoti timalirira m'kati. Ndaona kuti kwako nyale zimayaka usana ndi usiku koma sudandaula. Undithandize, nanenso ndikuthandiza."

Injiniya anamva kukoma kuti munthu wamkulu chotero akumupempha. Anakonza mita ya Atcheya, ndipo Atcheya anamulozera kwa anzawo ena anayi. Mwezi umenewo lendi inalipidwa pa nthawi yake, mkazi anaguliridwa nsapato, ndipo Injiniya anayamba kupereka moni kwa alonda ndi chala chimodzi.

Kenako bambo ake anabwera kudzacheza. Anakhala pabalaza, anayamikira makatani, anamwa madzi. Potuluka anaima pabokosi la mita mwachizolowezi cha ntchito. M'khitchini chitofu chinali chikuyaka, koma manambala sankasuntha. Anatsegula bokosilo, nayang'ana, n'kulitseka pang'onopang'ono.

"Chotsa kawaya aka lero, ndipo ngati wachita zotere kwinanso, ukachotse. Uku ndi kuba, ndipo waya wakuba sakhala ndi chitetezo. Udzawotcha anthu."

"Kodi mwabwera kudzacheza kapena kudzayendera?" anafunsa Injiniya. "Pano ndi panga. Kuona mtima kwanuko kwakupatsani chiyani, kupatula njinga?"

Bambo ake anamuyang'ana mwachisoni, chifukwa ankamukonda kwambiri mwanayo. Anamuuza kuti kuyambira tsiku limenelo sadzadindanso ntchito yake iliyonse mpaka atasintha. Injiniya anati zilibe kanthu, adzionera yekha, ndipo sanawaperekeze ngakhale pageti.

Patangopita milungu itatu, Atcheya anamupatsa ntchito yaikulu. Anamanga zipinda zina kuseri, zogonamo alendo ndi wantchito, ndipo ankafuna mawaya onse pamodzi ndi chikalata chodinda choti akapereke ku kampani ya inshuwalansi. Anapereka ndalama zogulira zipangizo zabwino. Koma sabata yomweyo mwini nyumba imene Injiniya ankakhala anakweza lendi, ndipo kagalimoto kanafa injini. Injiniya anapatulako ndalama zija kuti athane ndi mavuto akewo. Zotsalazo anagulira mawaya opyapyala, oyenera nyale ziwiri kapena zitatu, n'kuwabisa m'denga momwe palibe angawaone. Poyesa, swichi yaikulu yoteteza nyumba inkangozima yokha chifukwa katundu anachuluka. Mmisiri aliyense amadziwa kuti swichi imeneyo ikamazima ndiye kuti ikuchenjeza. Injiniya anailambalala nayonso.

Chinatsala ndi chidindo. Lamulungu anapita kwawo atanyamula shuga ndi buledi, nkhope ili yodzichepetsa. Mayi ake anasangalala poganiza kuti mwana wabwerera m'nzeru zake. Bambo ake atavula jekete la kutchalitchi n'kupita kukasamba m'manja, iye analowa kuchipinda, napisa m'jekete la kuntchito, nadinda chikalata cha Atcheya, n'kubwezera chidindo pamalo pake. Siginecha ya bambo ake ankaidziwa kuyambira ali kusukulu, choncho anasainanso yekha. Anadya nawo chakudya cha masana mpaka kukhuta.

Moto unabuka Lachinayi masana, kukutentha. Unayambira m'denga la zipinda zatsopano zija, n'kulowa m'nyumba yaikulu. Atcheya ndi banja lawo anali kuntchito. M'nyumbamo munali mayi wantchito yekha, akusita. Magetsi atazima, geti lotseguka lokha lija linakana kutseguka, ndipo mpanda unali wautali woti munthu sangalumphe. Anansi anaima m'makonde a m'mwamba akujambula ndi mafoni. Pamene ozimitsa moto ankathyola geti, mayiyo anali atapsa mikono yonse ndi msana.

Akatswiri a kampani ya magetsi sanavutike kupeza chimene chinachitika. Atcheya anatulutsa chikalata m'galimoto, n'kunena kuti iwo za mawaya sazidziwa, anangokhulupirira chidindo cha mmisiri wovomerezeka. Lachisanu m'mawa apolisi anafika pakashopu ka pafupi ndi msika. Anamumanga mkulu uja anthu akuona, ali ndi pulayazi m'manja.

Injiniya anamva nkhaniyo tsiku lomwelo, koma anatseka geti n'kukhala phee. Mkazi wake anamuuza kuti apite akanene zoona, iye anamukalipira kuti akufuna kumugwetsa. Ankati bambo ake ndi munthu wodziwika, awatulutsa, pamene iye akagwidwa ndiye kuti zonse zimene wavutikira zatha. Mkaziyo analongedza zovala zake n'kupita kwa apongozi ake.

Tsiku lachitatu mayi ake anabwera wapansi kuchokera pomwe minibasi imathera. Anakana kulowa, anayankhulira pageti.

"Bambo ako akugona pasimenti, ndipo miyendo yatupa. Apolisi akuwafunsa kuti anagwira ntchito ija ndani, iwo sakuyankha. Iwe ukuthirira kapinga."

Injiniya anati apeza loya wabwino, asade nkhawa. Mayi ake anangotembenuka n'kumapita. Iye anathamangira kwa Atcheya, amene tsopano ankakhala kuhotela, kukapempha thandizo. Mlonda wa pakhomo anabwera ndi yankho loti bwana akuti munthu wa dzina limenelo sakumudziwa.

Madzulo dzuwa lisanalowe anapita kupolisi atanyamula chakudya cha m'sitolo ya magalasi ija. Bambo ake anabweretsedwa kuchokera m'chitolokosi opanda lamba ndi nsapato, atagwira thalauzi ndi dzanja limodzi. Chakudyacho sanachiyang'ane n'komwe. Injiniya anayamba kufotokoza za loya, koma mkuluyo anamudula.

"Anandionetsa mawaya opsawo. Ndinaona mmene anapotedwera, ndipo ndinadziwa dzanja lake, chifukwa ndine ndinaliphunzitsa. Dzina lako sindilitchula, ndiwe mwana wanga. Komanso sindinama kuti ndine ndinachita. Ndingokhala chete, andichite chimene akufuna. Koma kuchipatala kuli mayi amene sangathenso kunyamula mwana wake. Ameneyo ukamuuza chiyani?"

Injiniya anaweramitsa mutu. Anayang'ana mapazi otupa a bambo ake, ndipo manyazi amene anawathawa miyezi yonseyi anamugwira nthawi imodzi. Analira ngati mwana. Kenako anadzuka, napita patebulo la wapolisi, n'kunena zonse, kuyambira kawaya ka pamita yake mpaka jekete la kuntchito lija.

Khoti linamupatsa zaka zisanu ndi chimodzi. Anansi asanu aja analipitsidwa chindapusa, ndipo anapitiriza kukhala kumayadi. Kanyumba kake kanalowa munthu wina sabata yomweyo. Mayi wantchito anachira, koma zala zake sizinawongokenso.

Bambo ake anatulutsidwa, koma bungwe lopereka ziphaso linati mmisiri amene sasamala chidindo chake sayenera kukhala nacho, ndipo linawalanda. Makasitomala a zaka makumi atatu anabalalika. Lero mkuluyo amakhala pakhonde la kashopu kake, kukonza masimbi ositira ndi mawailesi. Mwezi uliwonse amakwera basi kukaona mwana wake kundende, ndipo pobwera amadutsira kwa mayi wopsa uja kukasiya kathumba ka shuga.

Achinyamata, imvani bwino. Kufuna kukhala pabwino si tchimo, koma malo amene thumba lanu silingakwanitse adzakutumani kukaba, ndipo mudzayambira kuba m'nyumba ya makolo anu. Injiniya analapa, ndipo Mulungu amalandira olapa. Koma kulapa kwakeko sikunabweze chiphaso cha bambo ake, ndiponso sikunawongole zala za mayi amene sanamulakwire kanthu.