Sisita Dorika Sanaweruke

Raphael anatuluka m'chipatala anthu atagona, ndipo sanatulukire pachipata ngati munthu wabwino. Anadzera kuseri kwa khitchini ya odikirira odwala, pamene mbuzi zinaboola mpanda, mwana wake Praise ali kumsana. Chitenje anachimanga mwachimuna, mfundo ili pakhosi m'malo mokhala pachifuwa, moti miyendo ya mwana inkalendewera mbali imodzi. Mtima wake unali utadzaza mkwiyo, ndipo munthu akakwiya amadziona wanzeru kuposa dziko lonse.

Kunena zoona, masiku amene anakhala m'wodi ya ana anamuwawa. Mkazi wake Maureen anali m'chikuta kumudzi kwa Ndamera, ndiye Praise atadwala chibayo panalibe wina womudikirira koma bambo ake. Mwamuna yekhayekha pakati pa amayi! Msodzi wodziwika kudambo konse, woti ngakhale ng'ona amazikalipira, ankalamulidwa ndi namwino wachitsikana dzina lake Priska, wamsinkhu wa mlongo wake wotsiriza. "Bambo, sambani m'manja." "Bambo, mwana samwetsedwa phala atagona chagada." "Bambo, fodya muno ayi." Tsiku limene anathawalo linalinso lokumbukira anamwino. Masana anamwinowo anaguba ndi makandulo, akuluakulu ochokera ku boma akuwathira ulemu mpaka thovu kukamwa. Raphael anaonera pawindo akupukusa mutu. Ulemu wanji kwa anthu olalata chonchi?

Koma chimene chinamuthawitsa si zimenezo. Madzulo Praise anayamba kubanika, nthiti zikulowa mkati, milomo itada. Priska anabwera akukoka makina a mpweya, aja okhala ndi timachubu tolowetsa m'mphuno. Raphael anaima kutsogolo kwa bedi atatambasula manja.

"Nkhabe! Mwana wanga pamakina amenewo sapitapo."

Dzulo lake anaona ndi maso ake mwana wa pabedi loyandikana akumuika pomwepo, ndipo kusanache mayi wa mwanayo anali akudzigwetsa pansi. Komanso ndani kumudzi sadziwa kuti makina aja amamaliza munthu? Priska anafotokoza, ananyengerera, kenako anakweza mawu. Ali mkati mokangana Priska anaitanidwa kuti kuli mayi akubereka, poti usiku umenewo anali yekha mbali yonseyo.

"Ndikubwera pompano, bambo. Muganize bwino."

Raphael anaganizadi, koma maganizo ake omwe aja. Ku Marka kunali sing'anga wotema mphini pachifuwa, ndipo akayenda mwamphamvu akanafika tambala asanalire. Anthu otere amatopetsa. Mwana amamukonda ndithu, zimenezo sitingawalande, koma chikondi chawo chilibe makutu.

Msewu anaupewa kuopa kuti alonda angamulondole. Anatsata njanji yakale ija, yomera udzu pakati. Mwezi unali wa theka, udzudzu ukumuzinga kumaso, achule akusokosera m'madambo. Mpweya wa Praise unkamuwotcha pakhosi, wachangu, wolira ngati kamluzu. Raphael ankayenda akudziyankhula. Amati ndani sadziwa kulera mwana? Sukulu yawoyo ndi imene inabala Praise? Anadutsa migwalangwa, anadutsa munda wa mapira, mpaka anafika pa mlambe waukulu pamene pali manda akale, a nthawi imene anthu othawa nkhondo ku Mozambiki anadzaza chigwa chonsechi. Mitanda yachitsulo inali yopendekeka, yodyeka ndi dzimbiri. Raphael anayang'ana kumbali n'kuwonjezera liwiro.

Achule anasiya kulira.

Onse nthawi imodzi, ngati wina wawatseka pakamwa. Udzudzu nawo unabalalika. Kenako fungo linamupeza, fungo la mankhwala okolopera m'chipatala, lamphamvu mpaka kuyabwa m'maso. Kutchire kuno? Ananunkhiza malaya ake. Sanali malaya.

Tswi... tswi... tswi...

Nsapato za labala, kumbuyo kwake. Anaima. Nsapato sizinaime. Atacheuka anaona kuwala kwachikasu kukubwera pakati pa njanji, kosagwedezeka, kosaphethira, ngakhale kunali kamphepo.

Tswi... tswi...

Anathamanga. Patsogolo panali mlatho wa njanji, wa matabwa otalikirana, pansi pake mdima wokhawokha. Anaponda thabwa loyamba, lachiwiri, maso ali kumapazi. Atadzutsa mutu... kuwala kuja kunali kutsogolo kwake! Pakati pa mlatho!

Anali mayi wamfupi, wojintcha, atavala diresi loyera lalitali la masokedwe akale, lamba wamkulu m'chiuno, kachipewa pamutu, kawotchi kakulendewera pachifuwa. M'dzanja ananyamula nyali ya palafini. Nkhope yake inali ya munthu wamsinkhu wa Raphael yemweyo. Mantha aja anasanduka mkwiyo. Basi, amutumizira namwino wina!

"Iwe, tembenuka," anatero mayiyo, popanda ndi moni womwe.

"Mayi, ine si mwana woti muzinditi iwe. Patukani ndidutse."

Mayiyo sanamuyang'ane n'komwe. Anakweza nyali, maso ali pa mwana.

"Mtsitse."

Raphael anafuna kukana, koma manja ake anali atamasula kale mfundo. Mayiyo anaika zala ziwiri pakhosi pa Praise, ndipo pochita zimenezo anakhudza mkono wa Raphael. Kuzizira kwake! Kunalowa mpaka m'fupa. Mayiyo anaweramira kawotchi kake, milomo ikuyenda ngati akuwerenga. Raphael naye anasuzumira. Mivi ya wotchi inali chiimire.

"Ndatopa nanu anthu inu," anatero mayiyo. "Ndatopa. Munthu ndinaweruka kalekale, koma kugona ayi."

"Makina aja amapha," Raphael anayankha, mawu atachepa. "Ndinaona ndekha."

Mayiyo anatsonya. Anatsonya kwautali, mpaka zitsulo za mlatho zinabwezera.

"Unaona chiyani? Pamakina amaikapo amene wafika kale pakhomo pa imfa. Ena amabwerera, ena ayi. Iwe ndiwe msodzi. Munthu mukamuvuula mochedwa n'kufera m'bwato, mumati lamupha ndi bwato?"

Raphael anamuyang'anitsitsa. Ndani anamuuza kuti ndi msodzi?

"Ife makinawo tinalibe. Mwana akabanika tinkamukupiza ndi katoni, n'kumamuyang'ana mpaka atasiya. Usiku uliwonse ndinkapempha Mulungu kanthu kamodzi kokha koteroko. Lero mwapatsidwa, mukuboola mipanda." Anakweza nyali kufika pankhope pake. "Ndiwe mwana wa Jesinta wa ku Mutarara iwe. Kuuma mutu n'kwa kumtundu. Nayenso anazula diripi pamutu pako n'kuthawa nawe uli khanda. Ndinamupeza pamlatho pompano."

Jesinta... Mayi ake a Raphael anamwalira iye ali mnyamata, ndipo dzina limenelo panalibe amene ankalitchulanso. Uli khanda? Anayang'ana nkhope ija, yosalala, yopanda khwinya. Anayang'ana pansi. Chithunzithunzi chake chinali pamatabwa, chachitali, chitanyamula mwana. Pambali pake panalibe china.

Anabwerera m'mbuyo thabwa limodzi.

Pomwepo kamluzu kaja kanasiya.

"Praise?"

Zii.

"Praise! Mwana wanga! Praise!"

Kamutu kanagwera kumbuyo. Timanja tinalendewera. Raphael anamugwedeza, anamuitana, anaitana Mulungu m'Chisena ndi m'Chimang'anja momwe.

"Usamugwedeze, chitsiru iwe! Ndi thumba la nsomba limenelo?"

Dzanja lozizira lija linatsika pachifuwa pa mwana n'kutikita mwamphamvu. Kamodzi. Kawiri. Palibe. Kachitatu... Praise anakoka mpweya, hiii! n'kutsokomola.

"Mpweya umene wamutsalira ndi wa ulendo wobwerera basi. Ku Marka safika. Ndoko! Thamanga!"

Raphael anatembenuka. Mmene anawolokera matabwa aja sakudziwa mpaka lero. Anathamanga mwana ali pachifuwa, chitenje chitatsala pamlatho. Kuwala kunali kumbuyo kwake, kukumuunikira njira. Iye ankathamanga ndi mphamvu zake zonse, koma nsapato zija sizinkafulumira. Tswi... tswi... Komabe sizinkatsalira. Ndipo mawu anali pakhutu pake penipeni.

"Mnyamule choimika! Mutu m'mwamba! Kubala mumadziwa, kunyamula ayi."

Anamuimika.

"Usamupanikize pamimba!"

Anamasula mkono.

"Ukuyang'ana chiyani kumbuyo? Njira ili kutsogolo!"

Atafika pa mlambe paja, kuwala kunangoti thi! Fungo linatha. Achule anayambiranso phokoso lawo ngati palibe chachitika. Raphael sanacheuke.

Ulendo uno analowera pachipata, akumenya chitsulo ndi phazi mpaka mlonda anadzuka akutukwana. Priska anali kuseri kwa zimbudzi, akuunika m'matchire ndi foni, maso atafiira ndi misozi. Atamuona anamuthamangira. Anamulanda mwana n'kuthamanga naye m'wodi, ndipo mmene Raphael ankalowa, timachubu tinali kale m'mphuno, makina akung'ung'uza. Priska anabaya jakisoni, anamvetsera pachifuwa, anakonza pilo. Atamaliza zonse m'pamene anatembenuka.

"Bambo, mukudziwa kuti ndangomaliza kubereketsa mayi n'kuyamba kukufunani kuzimbudzi? Mukudziwa kuti wodi yonseyi ndinaisiya yokha chifukwa cha inu? Mwana uyu akanafera kutchire, mukanati wamupha ndani?"

Raphael anakhala pansi pasimenti, msana atatsamira mwendo wa bedi. Amayi a m'wodi ankamuyang'ana cham'mbali, ena akunong'onezana. Manyazi analibe nawo nthawi. Maso ake anali pa tinthiti ta Praise, tikukwera, tikutsika. Makina akasintha kaliridwe pang'ono, mtima wake unkadumpha. Priska ankapita n'kubwera, apa wasintha diripi, apo watonthoza mayi, uko wapukuta masanzi, ndipo nthawi iliyonse akadutsa ankaima pa Praise. Raphael anazindikira kuti mtsikanayu sanakhale pansi chilowereni dzuwa. Anamva chisoni, ndipo chinamukwiyitsa kuti akumva chisoni.

Kunja kutayamba kuyera, milomo ya Praise inali itabwerera mtundu wake. Kamluzu kaja kanali katachepa. Mwana anali mtulo, tulo teniteni.

"Wadutsa poopsa," anatero Priska, akuyasamula. "Koma timachubuto tisachoke."

Raphael anaimirira, akusisita m'manja. Mawu anamulemera, koma anawakankha.

"Anesi, takhuta, zikomo. Ndalakwa ine." Usiku wonse anali akudzinyengerera kuti za chithunzithunzi zija anali mantha chabe. "Mundithokozerekonso kwa anzanu munawatuma aja. Pakamwa pawo mpoipa, koma andithandiza."

"Anzanga ati? Usiku wonse ndili ndekha. Ndikanatuma ndani?"

"Aafupi, ojintcha. A nyali ya palafini."

"Nyali ya palafini? Bambo, kagoneni."

Pakhomo pa wodi panali mayi Sellina, wokolopa wachikulire amene anali atangoyamba ntchito ya m'mawa. Chokolopera chinaima m'manja mwawo.

"Mwati aafupi? Otsonya ngati akung'amba nsalu?"

"Eya, omwewo."

"Mwakumana nawo pamlatho wa njanji?"

Raphael anagwedeza mutu movomera. Mayi Sellina anapumira m'mwamba, osati mwamantha, koma ngati munthu amene wamva nkhani yomweyomweyo kambirimbiri.

"Amenewo ndi Sisita Dorika. Ine ndinayamba ntchito ndili mtsikana pansi pawo, nthawi ya kolera m'misasa ya othawa nkhondo. Odwala ankagona m'matenti, mpaka pansi pa mitengo. Iwo kunyumba sankapita, ankangotsamira pabenchi, nsapato ali chivalire. Wina akathawa ndi mwana, ankamulondola okha ndi nyali." Anaviika chokolopera m'ndowa. "Kolera yemweyo anawatenga, chaka cha chilala chachikulu chija. Kwawo kunali kutali, ndipo maliro a kolera sanyamulidwa. Tinawaika pakati pa odwala awo, pansi pa mlambe. Ndinathira nawo dothi ine ndemwe."

Priska anagwira chitsulo cha bedi. Raphael anamva kuzizira kuja kukubwerera pamkono pake, pamalo omwe aja.

"Nyamulani miyendo ndikolope," anatero mayi Sellina, atakwinya nkhope. "Munthu anafera pantchito, ndipo mpaka lero simumulola kugona. Kodi anthu inu mudzamva liti?"

Pabedi, Praise anatsegula maso. Anaona bambo ake, anakwinya kamphuno, n'kukweza dzanja kuti azule timachubu tija. Raphael analumpha ndowa ya mayi Sellina n'kuligwira dzanjalo lisanafike.

"Usachotse, mwanawe," ananong'ona, misozi ikugwera pabulangete. "Chonde, usachotse."