Kathovu ka M'jakisoni

Madzulo amenewo namwino wina watsopano ankangoyenda ngati sakuponda pansi. Kwa nthawi yoyamba adokotala anamulola kutenga yekha magazi a mumtsempha wa padzanja, aja oyezera mpweya m'thupi. Ntchito imeneyi sapatsa aliyense, ndiye mtima unali dyokodyoko.

Wodwala wake anali dalaivala wa basi, pabedi la pakona, tsiku lachitatu ali pa mpweya wa okosijeni.

"Zikatuluka bwino timuchotsa pa mpweya usiku uno," anatero adokotala. "Thamanga, magazi amenewo sadikira."

Singano inalowa kamodzi kokha. Magazi ofiira piriwiri anakwera okha m'jakisoni. Pamwamba pake panali kathovu ngati kanjere ka mchenga. Anakaona ndithu, koma chimwemwe chimatseka maso. Anatseka jakisoniyo n'kuliyatsa liwiro la kumakina oyezera magazi.

Pepala linatuluka ndi manambala okongola. Anatsala pang'ono kuvina pomwepo.

Pobwerera, pakhonde lalitali lopita kuwodi, anapeza bambo wina atakhala pabenchi. Popita panalibe munthu. Anali m'zovala za odwala, wopanda nsapato, milomo yotuwa.

"Zatuluka bwino eti, asisita?"

"Bwino kwambiri! Inu ndi a wodi iti, bambo? Kunja kuno kukuzizira."

"Zanganso zinatuluka bwino."

Bamboyo anatembenuza dzanja. Panali thonje, lomatidwa ndi pulasitala yakalekale yachikasu.

"Kathovu kaja munakatulutsa?"

Namwino sasiya khalidwe lake. Maso anapita okha pachifuwa cha bamboyo kuti awerenge kapumidwe. Anadikira. Anadikirabe. Chifuwa chili zii.

Thupi lonse linachita tsembwe. Zimene anaphunzira zinabwera nthawi imodzi: mpweya wa m'kathovu umalowa m'magazi n'kunamiza makina, munthu wobanika n'kuoneka ngati wachira. Anathamanga osacheuka, nsapato imodzi n'kutsala pakhonde.

M'wodi anapeza dzanja la adokotala lili kale pa chotsekera mpweya.

"Dikirani! Ndalakwitsa, munali thovu!"

Namwino anabayanso dalaivala uja. Ulendo uno anaimika jakisoni, kuigogoda ndi chikhadabo, kutulutsa thovu lonse, n'kuigubuduza m'manja kuti magazi asaundane. Kumakina anadzera njira yozungulira. Pepala lachiwiri linali loopsa. Adokotala analiyang'ana nthawi yaitali, kenako anawonjezera mpweya.

M'bandakucha, dalaivala uja akupumabe, mayi wokolopa anabweretsa nsapato ija. Namwino anawafotokozera zonse monong'ona. Mayiwo sanadabwe n'komwe.

"Amene uja anagonekedwa muno kalekale. Anamuchotsa pa mpweya cha m'ma teni, pofika thwelofu kunalibe munthu," anatero akufinya chikolopa. "Sazunza aliyense ayi. Koma iwe uli ndi mwayi, mwanawe, wakupeza pepala lili m'manja. Anzako ena amamuona atatseka kale mpweya."