Foni ya Amayi Ikuyendabe

Abwana atamuitana kuti adzaone munthu amene waposa onse, Pulofesa anapita ndi kapu ya tiyi m'manja. Pa kompyuta panali dzina la amayi ake. Pansi pake panalembedwa kuti ayenda masiku 412 osaphonya, ndipo m'mawa womwewo anali ataponda masitepe zikwi zisanu. Tiyi anamutayikira pa nsapato. Amayi akewo anali atagona kumanda miyezi isanu.

Dzina loti Pulofesa anamupatsa ndi anthu oyandikana nawo nyumba, tsiku limene ananyamuka kupita ku koleji. Amayi atayamba kudwala mtima anabwerako kudzawasamalira, ndipo sanabwererenso, koma dzinalo linamukakamira ngati chisoso pa buluku. Dokotala atalamula kuti amayi aziyenda tsiku lililonse, ndi iyeyo anawaikira pafoni pulogalamu yowerenga masitepe. Maliro atatha anathawa nyumba ija, chifukwa chipinda chilichonse chinkanunkhira mafuta awo odzola. Anachita lendi kachipinda kutali, n'kupeza ntchito kwa eni ake a pulogalamu yomwe ija, m'kaofesi ka pamwamba pa sitolo ya nsapato.

Ntchito yake inali kulemba timauthenga timene timatulukira tokha pafoni, tokumbutsa anthu kutsegula pulogalamuyo. Tsiku loyamba kudina batani lotumizira sanaliiwale. Anadina, n'kusuzumira pawindo. Pansi, pokwerera basi, mlonda, mayi wobereka mwana ndi bambo wa tayi anapisa m'matumba nthawi imodzi, n'kuweramitsa mitu ngati wina wati tipemphere. Abwana anamuuza kuti mafoni zikwi makumi anayi alira kamodzi. Mnyamatayo anayang'ana chala chake nthawi yaitali. Chala chomwecho chinalephera kuwamwetsa amayi ake supuni imodzi ya madzi sabata yawo yomaliza.

Abwana anali mayi wochangamuka, woseka mokweza, ndipo anamuphunzitsa chinsinsi cha ntchitoyo. Ankati munthu sadzukira chimene angapeze, amadzukira chimene angataye. Ndiye uthenga wa sikisi koloko m'mawa uliwonse unkathera ndi mawu amodzimodzi: mukaphonya lero, masiku anu onse afafanizika. Tsopano abwanawo ankafuna kuti mayi wa masiku 412 apezeke, ajambulidwe, ena atengerepo chitsanzo. Pulofesa anangoti akudziwa kumene amakhala.

M'mawa mwake anaima patsidya pa msewu wakwawo, kuseri kwa mtengo wa magetsi. Sikisi itangokwana, geti linalira. Anatuluka bambo ake, telala wopuma ntchito, ndodo kudzanja, bondo lamanzere litamangidwa bandeji. M'thumba la malaya munkaonekera foni ya amayi, ya chikuto chofiirira. Awa ndi bambo omwe ankaseka akazi awo kuti akuyenda ulendo wopanda kopita.

Pulofesa anawatsatira. Anadutsa pasukulu, n'kukhotera kumlatho, njira yeniyeni ya amayi. Mwendo wodwalawo ankachita kuukoka, ndipo pakapita kanthawi ankaima, n'kumaluma mlomo. Atawoloka mlatho anakhala pa benchi la simenti.

"Ukamatsatira munthu usamakhwekhwereze nsapato," anatero bambo osacheuka. "Amayi ako anakulephera pamenepo."

Pulofesa anakhala kumapeto kwa benchilo. Moni anamukanika. Anafunsa za bondo, ndipo bambo anati dokotala anawalamula kupuma mwezi wathunthu, koma dokotalayo alibe foni yolira sikisi koloko. Anafotokoza kuti anayamba kuinyamula tsiku limene amayi anagonekedwa m'chipatala, chifukwa amayiwo anawapempha kuti masiku awo asaduke mpaka adzatuluke.

Mnyamatayo anayesa kulankhula mofatsa, ngati kwa wodwala. Anati uthengawo sutumizidwa ndi munthu wowadziwa, ndi makina chabe, ndipo umapita kwa anthu zikwizikwi.

"Ukundiyesa mwana?" Bambo anatulutsa foni ija, n'kuitalikitsa kumaso kuti aone bwino. "Tamvera wa lero. 'Dzukani, bulangete silinalemeretsepo munthu.' Kwathu kuja ankanena mawu amenewa ndani?"

Pulofesa anawazindikira mawuwo. Anawalemba yekha Lachiwiri, akuyesa kuti ndi nzeru zake. Bambo anapitiriza kutsitsa ndi chala. Wa sabata yatha: mwendo ndi galu, ukauzolowetsa njira umakutsogolera. Wina: yambani ndi kukafika pageti, zinazo muziona muli panja. Onsewo anali mawu a amayi, amene ankawalankhula akumanga zingwe za nsapato pakhonde.

Nthawi yomweyo pamlatho panadutsa atsikana awiri akuthamanga, kenako nkhalamba ya chipewa, kenako bambo wonenepa akupuma mwawefuwefu, foni ili m'manja. Pulofesa anawayang'ana ngati sanaonepo anthu. Mayi amene anaikidwa m'manda ndi anthu osakwana basi imodzi anali kudzutsa mzinda wonse m'mawa uliwonse, ndipo mzindawo unkamvera.

"Miyezi inayi yapitayo mauthenga anasintha kalankhulidwe, ndinadziwiratu kuti ndiwe," anatero bambo. "Foni yanga suyankha. Ndiye ndinati bola iyi, mwana wanga amandilankhula m'mawa uliwonse." Anasisita bondo lija. "Koma mawu akumapetowa si a amayi ako. Iwo sankaopseza munthu. Masiku awo ali m'menemu, mwanawe. Ndiwafafanize ine?"

Pulofesa anatsika pabenchipo. Anagwada, n'kumasula bandeji imene inali itakhwefuka. Bondolo linali lotupa, lotentha ngati mbale ya padzuwa. Analimanganso mmene ankamangira mapazi a amayi, kenako anapereka phewa, ndipo anabwerera kunyumba pang'onopang'ono.

Ku ofesi anawauza abwana zonse, osabisa ngakhale bondo. Abwana anavula magalasi. Pulofesa anapempha zinthu ziwiri: mzere woopseza uja uchoke, ndipo paikidwe batani loti munthu akadwala kapena akatopa adine, apume, masiku ake asafafanizike. Abwana anati anthu ena akapuma tsiku limodzi sadzabweranso. Pulofesa anavomera kuti n'zoona. Mayiyo anayang'ana dzina lija pa kompyuta, kenako anamuuza kuti achotse mzerewo lero lomwe, batanilo aliyesa. Asanaweruke, Pulofesa anaimitsa uthenga wa mawa wopita ku foni ya amayi ake.

M'mawa wotsatira bambo anakhala pakhonde, nsapato atavala kale, foni ili pantchafu. Sikisi inakwana, foni sinalire. Anaigwedeza, n'kuiika kukhutu. Mphindi zisanu zinadutsa. Kenako geti linagogodedwa.

"Uthenga wa lero wachedwa," anatero bambo, akumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

"Wabwera wapansi, bambo."

Pulofesa anawavula nsapato, n'kuwaikira mwendo pa kampando. Anatenga foni ya chikuto chofiirira n'kuiika m'thumba la malaya ake. Bambo anamulangiza kuti akafika pamlatho adutse kumanja, kumanzere kuli dzenje, ndipo pobwera asangolowa ngati mphaka, adzafotokoze zimene waona m'njira, chifukwa amayi ake ankatero.

Ali pageti anamva bambo akumuitana. Ankafunsa ngati tiyi amamwabe wa shuga masupuni atatu.