Mtsuko Wong'aluka wa Kafupi

Panali mtsikana wina wamfupi. Onse ankamutcha Kafupi. Kafupi ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kupuma.

Mvula inali itasiya kalekale. Chitsime chinali kutali. M'mawa, kukatunga madzi. Masana, kukatunga madzi. Madzulo, kukatunganso madzi.

Amayi anatopa. Abambo anatopa. Achimwene anatopa. Kafupi anatopa kwambiri.

Madziwo ankathirira matimati m'dimba. Koma dothi linali louma gwa. Madzi ankangoyenderera pamwamba. Dzuwa linkamwa onse. Matimati ankafotabe.

Tsiku lina Abambo anakhala pansi.

"Chitsime chikuphwa," anatero. "Loweruka tizule matimati. Madzi otsalawa akhale akumwa."

Amayi anagwira msana. Anapemphera motsitsa mawu.

"Ambuye, munatulutsa madzi m'thanthwe. Tikumbukireni nafenso."

Akuluakulu ankatungira ndowa. Kafupi ankatungira mtsuko wakale. Mtsukowo unali ndi mng'alu pansi. Unkadonthera pamutu pake.

"Iwe Kafupi, ukutunga kapena ukusamba?" Achimwene anamuseka.

"Musandiseke, achimwene. Khosi likundiwawa."

Kafupi anafika m'dimba. Miyendo inakana. Anatula mtsuko pakati pa matimati awiri. Anakhala pamthunzi. Tulo tinamugwira.

Mtsuko unkadontha. Tho. Tho. Tho.

Kafupi anadzuka madzulo. Mumtsuko munalibe kanthu.

"Mayo ine! Madzi onse atayika!"

Anaopa kunena. Anasiya mtsuko pomwepo.

M'mawa anapitanso kudimba. Matimati onse anali ofota. Koma awiri aja anali chilili. Masamba awo anali obiriwira.

Kafupi anasuntha mtsuko. Analowetsa chala m'dothi. Pansi panali ponyowa. Panali pozizira bwino.

"Amayi! Abambo! Bwerani mudzaone!"

Onse anabwera akukoka miyendo.

"Wathira madzi ochuluka bwanji pamenepa?" Abambo anafunsa.

"Sindinathire, Abambo. Ine ndinagona. Wathira ndi mtsukowu."

Abambo nawo analowetsa chala m'dothi. Anakanda mutu.

"Madzi alowa pang'onopang'ono," anatero. "Afika mpaka kumizu."

"Tiubise m'dothi mtsukowu," anatero Kafupi. "Dzuwa lisaone madzi athu."

Anakumba dzenje. Anakwirira mtsuko mpaka m'khosi. Anaudzaza madzi. Anavundikira ndi mwala. M'mbali anayala udzu wouma.

Pafupi pankakhala mayi woumba mitsuko. Kuseri kwa nyumba yawo kunali mitsuko yong'aluka. Kafupi anapita kukaipempha.

"Tengani yonse, mwana wanga," anatero mayiwo. "Ikungonditsekera njira."

Anakwirira mitsuko yonse m'dimba. Tsopano ankatunga madzi m'mawa mokha. Madzi ochepa ankakwanira.

Loweruka linafika. Abambo anayenda m'dimba monse. Sanazule ngakhale limodzi.

"Mulungu sataya chong'aluka," anatero Amayi.

Masana onse anakhala pamthunzi. Amayi ankaimba nyimbo yoyamika motsitsa mawu. Abambo ankathira mang'ombe.

"Mawa ndikagona ine m'dimba," anatero Achimwene. "Mwina nzeru zindipeza nanenso. Ukuti bwanji, Kafupi?"

Koma Kafupi anali kale m'tulo. Anali atagona pamiyendo ya Amayi.

Pansi pa dothi, mitsuko inkagwira ntchito. Tho. Tho. Tho.