Nevena ndi Ulusi Wakuda

Nevena anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Ankakhala ndi amayi ake, a Boyka. Nyumba yawo inali kumapeto kwa mudzi, m'munsi mwa phiri.

Nevena anali wokwiya. Anali wokwiya kwambiri.

Mawa ndi Chaka Chatsopano. Mawa m'mawa ana onse atenga survachka, kanthambi kokongoletsedwa. Akwapula akuluakulu pamsana, pang'onopang'ono. Awafunira moyo wa chaka chonse.

Koma Nevena analibe kanthambi. Chaka chilichonse bambo ake, a Lyuben, ndiwo ankamupangira. Bambo ake anamwalira nthawi yothyola mapulamu.

Kuyambira tsiku limenelo, amayi ankavala zakuda. Mpango wakuda. Juzi yakuda. Masokosi akuda. Sankaseka. Ankangoluka, tsinya lili pamphumi.

"Amayi, mundipangire kanthambi," anatero Nevena.

"Ayi."

"Amayi, chonde."

"Ndati ayi! M'nyumba muno mulibe Chaka Chatsopano. Chaka chathachi chandidyera mwamuna. Chinachi ndichilandire ndi manja awiri? Chandipatsa chiyani?"

Nevena anaponda pansi. Di!

"Basi, ndipanga ndekha! Ndipo mawa ndikukwapulani pamsana. Mufune, musafune!"

"Tiona," anatero amayi.

Cholinga cha Nevena chinali chimenecho. Chimodzi chokha: msana wa amayi. Akapanda kuwakwapula iye, awafunira moyo ndani? Bambo anapita. Amayi asapite.

Nevena anatenga mpeni. Anapita kuseri kwa khola. Kumeneko kunali mtengo wa dryan, wa nthambi zolimba. Chipale chofewa chinamufika m'mawondo.

Anacheka. Mpeni unali wobuntha. Anachekanso. Nthambi inakana.

"Uduke, iwe!" anakuwa Nevena.

Anakoka ndi manja awiri. Thyo! Nthambi inathyoka. Nevena anagwa chagada. Anadzuka. Sanalire.

M'nyumba anapinda timphanda ta nthambi. Anatimanga tiwiritiwiri. Anatunga mbuliwuli pa ulusi. Singano inamubaya chala. Anayamwa chala, napitiriza. Anatunga tsabola wouma. Anatunga maapozi ouma. Singano inamubayanso.

Kunatsala ulusi wa ubweya wokulungira nthambi. Nevena anatsegula dengu la amayi. Ulusi wakuda. Anafufuza pansi. Wakuda. Anakhuthula dengu lonse. Wakuda wokhawokha, bii!

"Ulusi ndi ulusi," anatero Nevena.

Anakulunga. Anakulunga. Anakulunga mpaka kanthambi konse kanada.

Kunacha. Chaka Chatsopano chinafika.

Amayi anali pampando, pafupi ndi mbaula. Msana anali atautsamiritsa kukhoma. Nevena anabwera ndi kanthambi kake.

"Amayi, tembenukani."

"Khomali likundifunditsa."

Nevena anazungulira kumanja. Msana unali kukhoma. Anazungulira kumanzere. Msana unali kukhoma. Amayi sanayang'ane n'komwe kanthambiko.

"Usandizungulire ngati ntchentche," anatero amayi. "Pita kwa azakhali ako a Donka. Iwo ali ndi msana waukulu ngati chitseko cha khola."

"Ndipita. Koma ndibweranso!"

"Tiona."

Nevena anatuluka. Mumsewu munali ana ambiri. Tinthambi tawo tinali tofiira, toyera, tobiriwira.

"Taonani ka Nevena!" anatero ana. "Wakatola m'makala!"

Nevena anawatulutsira lilime. Anapitirira.

Azakhali a Donka anali mlongo wawo wa bambo. Nevena anagogoda pakhomo pawo. Go! Go! Go!

Azakhali anatsegula. Manja awo anali mbee ndi ufa. M'nyumba munkanunkhira banitsa, chitumbuwa cha tchizi.

"Nevena, mwanawe! Wabwera?"

Anayamba kutembenuka kuti amupatse msana. Kenako anaona kanthambi.

"Mayo ine! Ulusi wakuda? Tsiku ngati la lero? Ukufuna undikwapule ndi maliro? Choka nako! Amako alibe maso?"

Chitseko gwa!

Anamutsekera chitseko. Mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri. Mwana wa mlongo wawo. Zamanyazi!

Nevena anathamangira kwawo. Anakankha chitseko ndi phazi. Anaponya kanthambi pansi.

"Sindikafunanso! Ana andiseka! Azakhali anditsekera chitseko! Akuti ndi maliro! Akuti inu mulibe maso!"

Amayi anasiya kuluka. Anawerama. Anatola kanthambi. Anakayang'ana koyamba.

Mfundo zinali zokhota. Mbuliwuli zina zinali zoswekasweka. Amayi anagwira dzanja la Nevena. Anaona chala chobayidwa.

"Wamanga wekha?"

"Ndekha."

"Nthambi wadula wekha?"

"Ndekha."

"Ndiye Donka wakutsekera chitseko?"

"Inde."

Amayi anaimirira. Mpando unagwa. Sanavale chikhoti. Sanavale nsapato. Anatuluka ndi masilipasi, kanthambi kali m'manja. Nevena anathamanga pambuyo pawo.

Amayi anaima pachipata cha azakhali.

"Iwe Donka! Tuluka!"

Katani ya pawindo inasuntha.

"Ndati tuluka! Ndikukuona kuseri kwa katani!"

Mawindo a anthu anatseguka. Ana anasiya kuyenda. Ngakhale agalu anakhala chete.

Azakhali anasuzumira pakhomo.

"Alamu, musakuwe. Anthu akumva."

"Amve! Ali ndi makutu! Mwana uyu ndi wa ndani? Si wa Lyuben? Si magazi ako?"

"Koma alamu, ulusi wakuda..."

"Wofiira unamubweretsera? Nkhosa zako zadzaza khola. Ulusi wako ukudyedwa ndi njenjete. Miyezi inayi sunaponde pakhomo panga! Lero ndiye wadziwa mitundu ya ulusi?"

Azakhali anayang'ana pansi.

"Ukuopa zakuda?" anakuwa amayi. "Ine ndimavala zakuda tsiku ndi tsiku. Ndafa? Mwana wadula nthambi yekha. Wabayidwa ndi singano yekha. Iwe wachita chiyani? Kutseka chitseko basi!"

Amayi anapereka kanthambi kwa Nevena. Kenako anatembenuka. Pakati pa msewu. Pamaso pa mudzi wonse.

"Nevena, nawu msana. Kwapula!"

Nevena anayang'ana msanawo. Unali wowonda. Unali wowerama pang'ono.

"Ukudikira chiyani? Kwapula, aone!"

Nevena anakweza kanthambi. Phwa! Phwa! Phwa! Ndipo ananena mawu ake mokweza:

"Chaka chafika, msana ulimbe!
Phazi liyende, dzanja ligwire!
Mbaula iyake, mkate usasowe!
Mukhale moyo, Amayi, mukhale moyo!"

Mbuliwuli zinagwera pansi. Amayi sanatembenuke. Mapewa awo ankagwedezeka.

"Amayi, ndakupwetekani?"

"Ayi. Bwereza."

Nevena anabwereza. Phwa! Phwa! Phwa!

"Mukhale moyo, Amayi, mukhale moyo!"

Amayi anapukuta maso ndi mpango.

Chipata chinatseguka. Azakhali a Donka anatuluka. Maso awo anali psuu.

"Alamu, ndalakwa," anatero. "Ndinaona zakuda. Ndinakumbuka Lyuben. Ndinachita mantha. Nevena, mwana wanga, undikhululukire."

Nevena anafumbata kanthambi kake. Anali akadali wokwiya pang'ono.

Azakhali anatembenuka. Anawerama. Msana wawo unalidi waukulu ngati chitseko cha khola.

Nevena anayang'ana amayi.

"Ameneyo usamunyengerere," anatero amayi. "Wavala majuzi atatu. Samva kanthu."

Nevena anagwira kanthambi ndi manja awiri. PHWA!

"Mayo! Mwana wa Lyuben wandipha!"

Tsabola anauluka. Ana anaseka. Anthu a m'mawindo anaseka. Ndipo amayi anaseka. Anaseka mpaka anagwira chipata.

"Lowani m'nyumba," anatero azakhali. "Banitsa ikuzizira. Alamu, mapazi anu anyowa."

"Ndilowa," anatero amayi. "Koma ndikadali wokwiya."

"Mukwiyire m'nyumba. Muli moto."

Anakhala patebulo onse atatu. Azakhali anamudulira Nevena chidutswa chachikulu. Anamudzazira matumba ndi mtedza. Amayi anaumitsa mapazi pambaula.

Nevena anatsamira amayi ake.

"Amayi, ndakwanitsa."

"Wakwanitsa, kamwana kamakani iwe."

"Ndiye simupita ngati Bambo?"

Amayi anamukokera pachifuwa. Anamugwira zolimba.

"Ndipite kuti? Wandikwapula kawiri. Chaka chino ndili pompano, ufune usafune."