Kansalu ka Njovu Yanga

Tsiku limene mwamunayo analowa m'shopu, mtsikana wosoka zovala mmenemo anali atatopa kale. Mayunifolomu a ana asukulu anali mulu patebulo, msana ukumuwawa, ndipo mkulu wake, amene ankasita zovala pakona, anali atayamba kale kung'ung'udza za kutentha.

"Odi, mayi. Mumasoka chilichonse?"

Mtsikanayo anadzutsa mutu. Pakhomo panaima mwamuna wojintcha, atavala malaya a kampani ya mabasi, jumbo ili m'manja. Masaya ake onse awiri anali ndi mizere ngati wagonera chingwe, ndipo pamwamba pa mphuno panali kachilonda.

"Chilichonse ayi. Nsapato sindisoka."

Mwamunayo anaseka mwamanyazi n'kutulutsa chinthu chapulasitiki chovala kumphuno, chokhala ndi malamba ndi chipaipi chachitali.

"Abambo, mukupita kumwezi?"

"Ndikanakonda. Ndine dalaivala. Ndikagona ndimaliza mkonono wodzutsa nyumba yonse, kenako ndimangoti zii, kusiya kupuma. Adokotala anandipatsa makina ondipopera mpweya usiku. Ndikapanda kuvala, masana ndimasinza pachiwongolero, anthu ali thoo kumbuyo kwanga. Koma ndikavala, onani nkhope yangayi. Malambawa amandicheka, mphira imandisupula."

Telalayo anatenga chovala kumphunocho n'kuchitembenuza. Anamva chisoni. Munthu wamkulu chonchi, kusowa tulo ngati khanda?

"Khalani pampandopo, musagwedezeke."

Anatenga sikipa yakale yofewa, anaiyala pankhope pake n'kujambula ndi choko chabuluu mmene mphuno imathera. Anadula kansalu koika pakati pa mphira ndi khungu. Malamba anawasokera timatumba ta nsalu yofundira ana.

"Timabowo totulukira mpweyati musatitseke," anachenjeza dalaivalayo. "Adokotala anati nditatero ndadzipha."

"Ine ndimasoka, sindipha."

Atamaliza anamuveka kuti amuyese. Chipaipi chija chinalendewera pachifuwa, ndipo mtsikanayo analephera kudziletsa.

"Ndiye mwakhalatu njovu yeniyeni!"

Dzina linagwira pomwepo.

M'mawa mwake foni inalira. "Kasingano, ndagona ngati mwana. Manja anu ndi odala. Ndine Njovu ija."

Telalayo naye anali atapatsidwa lake dzina. Anawerenga uthengawo kangapo, akunamizira kufuna sizasi.

Sabata isanathe, Njovu anabweranso. Ati paipi imazizira usiku, madontho a madzi amamugwera m'mphuno. Kasingano anaisokera chovala chachitali ngati sokosi. Anabweranso: ati akatembenuka paipi imamukoka. Mtsikanayo anapinda waya wa hang'ala kukhala ngowe yoti aikhomere pakhoma, paipi izilendewera pamwamba pa mutu.

"Kasitomala wakoyu mavuto ake satha bwanji?" anafunsa mkulu wake, akupopera madzi pamalaya. "Mawa adzati umusokere mtima."

"Ndi matenda, achemwali."

"Eya. Ndipo akupatsirana."

Ankanena zoona. Posakhalitsa mawu akuti "inu" anasowa pakati pawo. Njovu akaweruka ankakhala pabenchi ya m'shopu, n'kumamuthandiza kulowetsa ulusi pasingano ndi zala zake zikuluzikulu zosathandizazo.

"Akazi onse amene ndinawauza za makinawa anathawa," anatero tsiku lina. "Wina anati sangagone ndi munthu wolumikizidwa kumagetsi ngati firiji. Iwe wekha ndi amene unaseka koma osathawa."

"Ndithawa ukasiya kuvala."

"Ndikulonjeza, Kasingano wanga. Usiku uliwonse ndidzavala. Mpweya wangawu ndi wako. Mvula isanagwe ndikuveka mphete."

Mtsikanayo anakhulupirira. Akanaleka bwanji? Mizere ya m'masaya inatha, chilonda chinapola, maso anayera. Loweruka lililonse Njovu ankabweretsa tinsalu tija kuti tichapidwe. Tinkabwera tothimbirira ndi thukuta, tonunkha mafuta a kumaso, ndipo mtsikanayo ankatichapa akuimba. Litsiro limenelo linkamuuza kuti munthu wake akupuma.

Koma kukonda munthu wotere ndi ntchito. Magetsi akazima kwawo, Kasingano ankadzambatuka n'kuyamba kuimba foni. "Kwanu aliko? Gona chammbali, usagone chagada." Akamva kuti basi yagubuduzika kwinakwake, singano inkamubaya chala. Anayamba kuonda, maso analowa m'kati.

"Wodwala ndi iyeyo, koma wosagona ndiwe," anatero mkulu wake.

Nyengo yozizira itayamba, anamusokera tinsalu tatsopano, tochindikala pang'ono. Anamuyesanso nkhope ndi choko chabuluu chija, akumugwira chibwano.

"Choko ichi sindichapa. Chifufutika chokha ndi thukuta lako usiku woyamba."

Kuchokera pamenepo zinthu zinayamba kupendekeka. Loweruka linafika, tinsalu osabwera.

"Ndachapa ndekha, wokondedwa. Umatopa kwambiri," unatero uthenga.

Mtsikanayo anasangalala. Mwamuna wochapa yekha, mwayi wotani umenewu! Loweruka lina zinali chimodzimodzi. Maulendo a kushopu anachepa. Ati asintha njira, ati dalaivala mnzake wadwala. Mauthenga okha ndi amene sankasowa.

"Shuga wanga, ndavala kale. Njovu yako ili m'khola."

"Ndakulota utavala zoyera. Gona bwino, mayi wa ana anga."

Masana ena anabwera n'kukhala pabenchi. Kasingano anali akumuuza za nsalu ya diresi yomwe anaiona, ndipo atacheuka anapeza munthu wapendeketsa mutu, kukamwa kuli yasa. Mkonono unayamba, unakula, kenako unaduka. Chifuwa chinaima. Mtsikanayo anasiya kupalasa makina osokera, akudikira. Mpweya osabwera.

"Njovu!"

Anadzidzimuka ngati wotsamwa, maso ali psuu.

"Ukuvala makina aja iwe?"

"Aa, usiku uliwonse. Taona nkhope, palibe ndi mzere womwe. Si ntchito ya manja ako imeneyi?"

Kasingano anayang'ana masaya osalalawo. Kale mizere ija ndi imene inkachitira umboni. Tsopano anali ataifufuta yekha ndi luso lake.

Anadziimba mlandu. Mwina pilo ndi amene akumuvutitsa, amakankha chovala kumphuno akagona chammbali, mpweya n'kumathawa. Anagula siponji, anaisema mbali zonse ziwiri kuti nkhope izikhala bwino, n'kuisokera nsalu yabwino. Lamlungu masana anamunyamula piloyo kupita naye kuchipinda chomwe Njovu ankachita lendi.

Mayi mwini nyumba anali akuyanika zovala. Atamuona anaima, chovala chikudontha m'manja.

"Mwana wanga, palibetu."

"Ndili ndi kiyi, amayi. Ndingosiya ichi."

M'chipindamo munali fungo la nyumba yosagonamo munthu. Bedi linali loyalidwa bwino. Pangowe ija panali ukonde wa kangaude kuchokera kupaipi kufika kukhoma. Makina anali pampando, fumbi lili mbuu, kabotolo kake ka madzi kali gwa.

Ananyamula chovala kumphuno. Kansalu katsopano kanali pomwe anakaika yekha. Anakatembenuza. Mzere wa choko chabuluu unali wonse, wowala ngati waujambula m'mawa womwewo.

Anakhala pabedi. Sanalire. Anangomva kutopa konse kwa miyezi ija kukumugwera pamapewa.

Mayi aja anali ataima pakhomo.

"Ndinkafuna kukuuza, koma za eni n'zovuta. Amangobwera kudzasintha malaya. Amagona kwa mtsikana wogulitsa matikiti, nyumba ya chitseko chobiriwira kuseri kwa depoti. Ine ndinazindikira chifukwa kamphepo ka makinawo kanasiya kumveka kuseri kwa khoma ili."

Foni inanjenjemera m'thumba. "Kasingano wanga, ndili paulendo wautali. Makina ndanyamula, usade nkhawa. Ndakusowa."

Anayang'ana uthengawo, n'kuyang'ana makina ali pampando. Kenako anaimba.

"Ndili m'chipinda mwako."

Kunali zii, ngati mmene ankachitira akasiya kupuma.

"Ndimvetsere kaye, wokondedwa..."

"Choko chikadalipo, Njovu."

Anapuma mozama kumbali inayo. Mawu atabwera anali otsika.

"Iwe sungamvetse. Ukandiyang'ana umaona wodwala. Wavala? Wathira madzi? Wagona chammbali? Uyu sadziwa kanthu. Kwa iyeyu ndine mwamuna basi, osati njovu ya paipi."

"Ndiye mkonono amati n'chiyani?"

"Amati ndi kutopa."

"Nanga anthu a m'basi mwako? Iwonso uwauza kuti ndi kutopa?"

"Ndimakukonda, Kasingano. Ndiwe amene ndidzakwatire. Uku n'kongopumulirako."

Kongopumulirako! Kasingano anatsala pang'ono kuseka. Munthu wapita kukapuma kumene sapuma n'komwe. Akulu ananena kuti mapanga awiri avumbwitsa, koma sananene kuti wovumbwa kwambiri amakhala wosoka ambulera.

Anadula foni. Anapukuta fumbi pamakina ndi mpango wake, anatsuka kabotolo, anazula ngowe pakhoma. Zonse anaziika m'chikwama chake cha makinawo, pilo n'kumupanira m'khwapa. Kiyi anamusiya m'manja mwa mayi aja.

Chitseko chobiriwira sichinavute kupeza. Anatsegula mtsikana wamng'ono thupi, wa maso otupa. Kasingano anawadziwa maso amenewo. Ankawaona pagalasi tsiku ndi tsiku. M'kati, kuseri kwa katani, mkonono unali utayambiranso. Ulendo wautali uja unathera pabedi la eni.

"Ndikuthandizeni, achemwali?"

"Simugona, eti?"

Mtsikanayo anadabwa, kenako anagwetsa nkhope. "Amandiopsa. Amangoti zii, ine n'kumamugwedeza mpaka kucha. Akuti ndi kutopa. Inu ndinu ndani? Mlongo wake?"

"Ndine telala wake."

Anagwada pakhonde n'kutsegula chikwama. Anamuonetsa chimodzi ndi chimodzi, mawu ake ali phee ngati akuphunzitsa mwana wa ntchito.

"Si kutopa, ndi matenda, ndipo amawadziwa. Awa ndi makina ake. Madzi oyera muzithira mpaka pamzerewu. Kansalu aka kazikhala pakati pa mphira ndi khungu, apo ayi atuluka chilonda. Timabowo iti musatitseke. Malamba musamange kwambiri, chala chizilowa. Ngoweyi mukhome pamwamba pa mutu. Magetsi akazima, mumugoneke chammbali. Akakana kuvala, musamulole kukwera basi, muwauze mabwana ake."

Mtsikana wa matikiti ananyamula kansalu kaja, anaona mmene kanasokedwera, timisoko tating'ono tolondolana bwino. Anayang'ana Kasingano.

"Telala chabe sangasoke chonchi. Achemwali, ine sindinkadziwa."

"Ndikudziwa. Inenso sindinkadziwa."

Katani inagwedezeka. Njovu anatulukira, foni ikadali m'manja, maso ofiira ndi tulo tosakhutitsa. Ataona chikwama chili chotsegula pakati pa akazi awiriwo, anagwira chitseko.

"Kasingano wanga..."

Telalayo anaimirira, akusasa fumbi m'mawondo. Anamuyang'ana bwinobwino, masaya osalala aja, mphuno yopola ija. Ankamukondabe, ndipo zimenezo n'zimene zinkawawa kwambiri.

"Ndinakuuza kuti ndidzathawa ukasiya kuvala. Lonjezo langa ine ndasunga."

Sanacheuke. Njira yonse foni inkanjenjemera. "Mtima wanga, bwerera." "Ndivala lero lomwe, ndikulumbira." "Popanda iwe sindingapume." Uthenga womalizawo anauwerenga ataima pakhomo la kwawo. Angapume ndithu. Makina anali nawo, kansalu kanalipo, wothira madzi analiponso.

Mkulu wake anamuona akulowa. Anangomulandira nsapato n'kumuyalira bedi, dzuwa likadali pamwamba pa madenga.

"Magetsi azimatu," anatero mkuluyo, poona babu lathima.

Kasingano ali chigonere, dzanja lake linapita lokha kufoni, monga mwa chizolowezi. Linaima panjira. Anaithimitsa foniyo, anaiika pansi pa bedi, misozi ikutsikira m'makutu.

"Azime, achemwali," anatero. "Musandidzutse."